Makambala

Makambala ndi nduna za Kyungu, mfumu yaikulu ya Angonde a m'boma la Karonga. Ufumuwu unakhazikika pa phiri la Mbande cha m'ma 1600. Kale Kyungu sankaonekera wamba pagulu. Ankabindikira kwawo, ndipo mawu ake ankafika kwa anthu kudzera mwa makambala. Iwo ndiwo ankasankha Kyungu watsopano, kumulangiza, ndi kuyendetsa nkhani zambiri za dziko. Chochititsa chidwi n'chakuti mfumu yolemekezeka choncho inkasiya ntchito zikuluzikulu m'manja mwa anthu ena, n'kuwakhulupirira kuti aziweruza ndi kuchita zinthu iyo ili kutali. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu, Godfrey Wilson, anafotokoza dongosololi mu 1939.