Ululu Suyezedwa ndi Kukula kwa Ubongo

Mukagwira mphika wotentha, dzanja limachoka musanamve kupsa. Minyewa ya pakhungu imatumiza uthenga ku msana, ndipo msanawo umabweza dzanja ubongo usanadziwe n'komwe. Asayansi amatchula zimenezi kuti nociception, kutanthauza thupi kuzindikira choopsa n'kuchithawa. Ngakhale kanyongolotsi kotchedwa C. elegans, komwe kali ndi maselo a minyewa (manyuroni) 302 okha, kamatero. Ululu ndi nkhani ina: pamafunika wina woumva, amene zikumuwawa ndipo akufuna kuti zileke. Kukhoza kumva kotereku ndi kumene amati sentience.

Kodi chamoyo chimafunika manyuroni angati kuti chifike pamenepa? Kuwerenga kokha kumasocheretsa. Ubongo wa munthu uli ndi manyuroni pafupifupi mabiliyoni 86, ndipo pafupifupi mabiliyoni 69 ali m'chigawo cha kunkhongo chotchedwa cerebellum, chimene chimawongolera kayendedwe ka thupi. Koma mu 2014 madokotala ku China analengeza za mayi wa zaka 24 amene anabadwa wopanda chigawochi. Ankayenda modzandira, mawu ake sankamveka bwino, koma ankazindikira zonse. N'chifukwa chake akatswiri ambiri amayang'ana mmene zigawo za ubongo zimalumikizirana, makamaka cortex ndi thalamus, kusiyana ndi kuchuluka kwa maselo.

Mkangano umakula pa nsomba, chifukwa zilibe cortex ngati yathu. Ena amati popanda chigawochi palibe ululu. Mu 2003 Lynne Sneddon anabaya asidi pamilomo ya nsomba za trout. Zinasiya kudya kwa maola angapo, zikukhula milomo pamiyala ya pansi, ndipo atazipatsa mankhwala oletsa ululu a morphine khalidweli linachepa. Kupatula nsomba, Robert Elwood nayenso anayesa nkhanu zogona m'zigoba za nkhono pozigunditsa magetsi: zimene zinali m'chigoba cha mtundu umene zimakonda zinkapirira kwambiri zisanatuluke. Apa nkhanu ikuyerekeza kuwawa ndi ubwino wa nyumba yake, zimene msana wongobweza dzanja sungachite.

Umboni wotere supereka chitsimikizo chonse, popeza palibe chipangizo choyezera zimene nkhanu ikumva m'kati. Komabe unakwanira kuti dziko la Britain, m'lamulo la mu 2022, liike nkhanu ndi octopus m'gulu la nyama zimene zimamva, ngakhale kuti minyewa yake inayalidwa mosiyana kotheratu ndi yathu.