Senha yosungidwa mu kompyuta: imakhala pati, ndipo angaione ndani?

Bungwe la alimi likayamba kusunga kaundula wake pa intaneti, mayina a mamembala, manambala a foni ndi ngongole za feteleza sizikhalanso m'kope la mlembi. Zimakhala pa seva, kompyuta yakutali imene mwina ili ku Maputo, ku Johannesburg kapena ku Ulaya. Munthu amene amakonzera bungwe pulogalamu amalowa pa sevayo ndi dzina lake komanso mawu achinsinsi, amene pa Chipwitikizi amati senha. Popeza kulemba senha kambirimbiri tsiku limodzi n'kotopetsa, mapulogalamu ambiri ali ndi njira yoisunga kuti asamafunsenso. Ikasungidwa imakhala pena pake mu kompyutamo, ndipo malo amenewo amasiyana kwambiri.

Chitsanzo chabwino ndi Git, pulogalamu imene Linus Torvalds anayambitsa mu 2005. Okonza mapulogalamu amasungira ntchito yawo mu Git n'kumaitumiza ku maseva monga GitHub. Git payokha siisunga senha, imangofunsa nthawi iliyonse, pokhapokha mwini kompyuta atasankha imodzi mwa njira zake zosungira.

Njira yotchedwa cache imaigwira kwa kanthawi. Ngati munthu sanasinthe chilichonse, pakapita mphindi 15 imaiwala, ndipo siilemba paliponse pa diski. Kompyuta ikazimitsidwa, senha yapita.

Njira yotchedwa store ndi imene ili ndi vuto. Imalemba dzina ndi senha mu kafayilo kotchedwa .git-credentials, zilembo zake zili poyera ngati mmene munthu angalembere pa pepala. Aliyense amene wakhala pa kompyutayo, pa akaunti yomweyo, angatsegule kafayiloko n'kuwerenga, kapena kukakopera pa flash popanda mwini wake kudziwa. Ophunzira ambiri amaikonda chifukwa ndi yosavuta, mzere umodzi basi nkhani yatha. Kusavutako n'komwe kumachititsa kuti aiwale zoti senha anaisiya pamtetete. Pulogalamu ya FileZilla, yotumizira mafayilo ku seva, ili ndi khalidwe lofananako: imasunga senha mu fayilo ya sitemanager.xml itazisintha zilembo m'njira ya Base64. Poiyang'ana imaoneka yosawerengeka, koma Base64 si loko ayi, aliyense wodziwa angaibwezeretse m'masekondi ochepa. Kuti ikhale yotsekedwa zenizeni, mwini wake ayenera kuika senha yaikulu yotsekera zina zonsezo, njira imene FileZilla inawonjezera mu 2017.

Njira yachitatu ndi kupereka senha kwa chosungira cha kompyuta yeniyeniyo: Credential Manager pa Windows, Keychain pa makompyuta a Apple. Kumeneko imasungidwa yobisidwa ndipo imamangidwa ku akaunti ya munthuyo. Git ya pa Windows imabwera kale ndi kapulogalamu ka Git Credential Manager kogwira ntchito imeneyi. Njirayi ndi yabwino kuposa zinazo, koma nayonso ili ndi malire ake. Imateteza kwa munthu wa akaunti ina. Ngati mlembi, msungichuma ndi mwana wa tcheyamani onse amalowa pa akaunti imodzi ya kompyuta ya mu ofesi, Windows imawaona ngati munthu mmodzi, ndipo imatsegulira aliyense wa iwo.

Kuyambira pa 13 Ogasiti 2021, GitHub inasiya kulandira senha ya akaunti kuchokera ku Git. M'malo mwake munthu amagwiritsa ntchito kiyi ya SSH kapena token, mndandanda wautali wa zilembo ndi manambala umene seva imapanga. Ubwino wa token ndi woti angaiikire tsiku lotha ntchito, angaichepetsere mphamvu kuti izingowerenga osasintha kanthu, ndipo ikatayika amaifafaniza yokhayo, akaunti n'kutsala bwinobwino. Koma token yolembedwa mu .git-credentials imaoneka poyera chimodzimodzi ndi senha.

Cholakwa china chofala ndi kulemba senha m'kati mwa pulogalamu imene akukonzayo, kenaka n'kuitumiza ku seva pamodzi ndi ntchito yonse. Git imasunga mbiri ya kusintha kulikonse, choncho kufufuta mzerewo mawa sikuthandiza, umatsalabe m'mbiri. Mankhwala ake ndi kusintha senhayo basi. Ngakhale makampani akuluakulu anagwa m'mbuna imeneyi. Mu 2016 mbava za pa intaneti zinapeza makiyi a seva m'ntchito ya okonza mapulogalamu a Uber, kampani ya ku America yonyamula anthu pa galimoto, imene inali pa GitHub, ndipo zinatenga zambiri zokhudza anthu pafupifupi 57 miliyoni.

Kaundula wa bungwe la kumudzi ndi wochepa poyerekeza ndi ameneyo, koma kwa wakuba ndi wokwanira. Amene ali ndi dzina la mlimi, nambala yake ndi kuchuluka kwa ngongole yake angamuimbire foni akudzitcha wa ku bungwe, n'kumuuza kuti alipire pa nambala ina ya M-Pesa kapena e-Mola. Mlimiyo amakhulupirira chifukwa woimbayo watchula ndalama yeniyeni imene iye akudziwa.

Akomiti safunika kudziwa kukonza mapulogalamu kuti afunse wokonzayo mafunso oyenera. Senha za seva zasungidwa m'njira iti? Kodi aliyense ali ndi akaunti yakeyake pa kompyuta ya mu ofesi? Akaunti ya seva inalembetsedwa pa imelo ya bungwe kapena ya munthu mmodzi? Funso lomalizali ndi lofunika kwambiri, chifukwa wokonzayo akapita kukagwira ntchito ku Tete kapena ku Joni, ulamuliro wa kaundula umapita naye limodzi. Tsiku limene wasiya ntchito, token zake ndi kiyi yake ya SSH zifafanizidwe pa seva, senha zimene ankadziwa zisinthidwe, ndipo kompyuta isanagulitsidwe kapena kupita kwa wokonza ku msika, zonse zosungidwa mu Credential Manager ndi mu FileZilla zichotsedwe.