Kiyibodi yopanda mawu akeake

Kiyibodi ya MIDI simalira yokha. Ukaidina isanalumikizidwe ku kompyuta, kuli zii. Ntchito yake ndi kutumiza uthenga basi: chala chagwira noti yakuti, mwamphamvu chotere, ndipo chachokapo nthawi yakuti. Anyamata amene ndimawapeza akupanga mabiti m'tizipinda ta ku Ndirande kapena ku Area 25 amakadziwa bwino kabokosi kameneka, koma ndi ochepa amene anamvapo kuti kanabadwa chifukwa anthu olimbirana msika anagwirizana chimodzi.

Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, kampani iliyonse yopanga ma synthesizer inali ndi njira yakeyake yolumikizira zipangizo. Za Korg ndi Yamaha sizinkamvana ndi za Moog kapena Roland. Woyimba akagula katundu wa kampani imodzi, ndiye kuti wadzimangirira komweko. Ikutaro Kakehashi, amene anayambitsa Roland ku Osaka mu 1972, anaona kuti zimenezi zikupinga malonda a aliyense. Anakambirana ndi Tom Oberheim komanso Dave Smith, mwini Sequential Circuits ku California, yemwe anapanga Prophet-5. Mu Okutobala 1981, Smith ndi mnzake Chet Wood anapereka maganizo awo a njira imodzi yolumikizira zipangizo pamsonkhano wa Audio Engineering Society ku New York. Makampani ambiri a ku America anachita mphwayi. Amene anaigwira nkhaniyi ndi manja awiri anali a ku Japan: Roland, Yamaha, Korg ndi Kawai.

Mu Januwale 1983, pachionetsero cha NAMM ku Anaheim, analumikiza Prophet-600 ya Sequential ndi Jupiter-6 ya Roland pogwiritsa ntchito chingwe cha MIDI cha mapini 5. Munthu atadina kiyibodi imodzi, inzake ija inalira. Chimene ndimawalemekezera kwambiri anthuwa n'chakuti sanaike mtengo pa nzeruyo. Kampani iliyonse inali ndi ufulu woiika m'zipangizo zake popanda kulipira. Smith ndi Kakehashi anadzalandira Technical Grammy mu 2013, patadutsa zaka 30.

Zimene zimayenda m'chingwemo n'zochepa modabwitsa. Liwiro lake ndi ma bit 31,250 pasekondi, ndipo njira zake ndi 16, kutanthauza kuti zida 16 zikhoza kulamulidwa padera. Noti iliyonse ili ndi nambala kuyambira 0 mpaka 127, ndipo C wapakati ndi 60. Mphamvu ya chala, imene m'situdiyo timangoti velocity, nayonso imalekezera pa 127. Mulibe mawu m'menemo. Zili ngati buku la nyimbo la kutchalitchi: limakuuza choyimba, koma mawu n'ngako. N'chifukwa chake utha kuyimba kamodzi ndi piyano, mawa n'kusintha kuti zomwezo zilire ndi malimba.

Kompyuta inalowa m'nkhaniyi msanga. Atari ST ya mu 1985 inabwera ili ndi mabowo a MIDI kale, ndipo ndi pamakina amenewa pomwe Steinberg ya ku Hamburg inatulutsira pulogalamu ya Cubase mu 1989. Panthawiyo kompyuta inkangosunga manoti, mawu ankachokerabe m'zipangizo zodula. Zinasintha mu 1999, pomwe VST ya Steinberg inayamba kulola kuti zida zoyimbira zikhale mapulogalamu m'kompyuta momwemo. Kuyambira pamenepo kiyibodi sinafunikirenso kukhala ndi mawu, ndipo timakiyibodi ta makiyi 25 kapena 49 toyendera USB tinadzaza msika. Pulogalamu ya FruityLoops ya ku Belgium, imene inasintha dzina n'kukhala FL Studio mu 2003, ndi imene achinyamata athu anaikonda kwambiri.

Kuno kwathu kusinthaku kunali kwakukulu. Kwa zaka zambiri, wofuna kujambula nyimbo ankayang'ana ku MBC, ndipo ankayenera kubwera ndi gulu lathunthu. M'zaka za m'ma 1990 nyimbo za ku Balaka zinaonetsa kuti kiyibodi ndi ng'oma za makina zikhoza kunyamula chimbale chonse. Lero mtsikana woyimba kwaya akhoza kukonza kolasi yake ndi laputopu ndi kakiyibodi kolowa m'chikwama.

Pali chimodzi chimene chimandipweteka mtima. Ambiri kiyibodi anaisiya, amangojambula manoti ndi mawusi, onse pamphamvu yofanana, kenako n'kuwawongola ndi quantize mpaka onse ataima pamzere. Koma ng'oma ya manganje kapena ya chimtali simayenda choncho. Woomba amachedwetsa dzanja pang'ono apa, n'kulemetsa apo, ndipo m'pamene chiuno chimagwedezeka. Manambala 127 aja anaikidwa kuti asunge zimenezi. Ine ndimauza wophunzira aliyense kuti besi ndi ng'oma aziziyimba ndi zala, ngakhale atabwereza kangati, ndipo azikonza noti yokhayo imene yaphonyadi.

Kakehashi anamwalira mu 2017, Smith mu 2022. MIDI 2.0 inavomerezedwa mu 2020, ndipo imamva mphamvu ya chala mosamala kuposa kale. Anaipanga moti izimvanabe ndi zipangizo zakale, ndipo Yamaha DX7 ya mu 1983, ukaipezera chingwe cha MIDI chopita ku USB, imayimbitsabe FL Studio.