Mbiri ya Chilolezo cha Ukwati pa Nkhotakota

Mnyamata ndi mtsikana akafuna kukwatirana mwa lamulo la boma, amayamba apereka maina awo kwa wolemba maukwati, nadikira kuti mbiri yawo imveke kwa anthu tsiku la ukwati lisanafike. Ambiri amayesa kuti nzeru imeneyi inadza ndi Azungu. Koma mbiri ya pa Nkhotakota isonyeza kuti nzeruyi njakale ndithu, ndi kuti boma linangoonjezapo pepala ndi buku.

Kalekale pakati pa Achewa a m'mbali mwa nyanja, mnyamata akaona mbeta yomkomera, sanali kudzinenera yekha kwa makolo a mkazi. Anali kuuza mtsibweni wake, ndipo iyeyo ndiye anali kunka kukafunsira kwa mwini mbumba. Akuchikazi sanali kuyankha tsiku lomwelo ai. Anayamba afufuza ngati mnyamatayo ngwolimbika pa khasu ndi pa khoka, ngati alibe mkazi kwina, ndiponso ngati pakati pa awiriwo palibe chibale. Zonse zikalongosoka, mbali zonse ziwiri zinali kuonetsana ankhoswe. Ukwati wopanda ankhoswe sunali kuwerengedwa, ndipo ukavuta mfumu inalibe poyambira mlandu wake. Chotero chinkhoswe ndicho chinali chilolezo choyamba, ndipo kalata yake inali kusungidwa m'mitima ya mboni.

M'zaka za m'ma 1840 kunafika Mswahili wina, dzina lake Salim bin Abdallah, amene anthu anamutcha Jumbe. Iyeyu anakhazikika pa Linga, nachita malonda a minyanga ndi akapolo. Pamodzi ndi anthu ake panadza Chisilamu, ndi ukwati wake wotchedwa ndowa. Pa ndowa pafunika shehe, mwini wake wa mkazi, mboni ziwiri, ndi mahari amene mwamuna apereka kwa mkaziyo. Komabe Asilamu a pa Nkhotakota sanataye ankhoswe, pakuti shehe amanga ukwati tsiku limodzi, koma ankhoswe ndiwo auyang'anira mpaka imfa.

M'chaka cha 1894 amishoni a U.M.C.A., amene anali kale pa Likoma, anatsegula mishoni pa Nkhotakota. Iwowa anadza ndi mwambo wolengeza maina a ofuna kukwatirana m'tchalitchi Masabata atatu otsatizana, kuti wodziwa choletsa anene. Mwambowu unalamulidwa pa msonkhano waukulu wa Mpingo ku Rome m'chaka cha 1215, ndipo ku England lamulo la 1753 linati ukwati usachitike popanda kulengeza kapena chilolezo cholembedwa. Cholinga chake chinali kuthetsa maukwati amseri.

Boma la Angerezi, limene linayamba kulamulira dziko lino mu 1891, linakhazikitsa lamulo la maukwati m'chaka cha 1902. Mwa lamuloli, mmodzi wa awiriwo anali kupita kwa bwana wa pa boma, amene analinso wolemba maukwati, nasaina chidziwitso. Wosadziwa kulemba anali kuika chizindikiro chake. Bwana anali kulemba chidziwitsocho m'buku, nachikhoma pa chitseko cha ofesi. Pakapita masiku 21 popanda wotsutsa, wofunsayo anali kulumbira kuti mmodzi wa iwo wakhala m'bomalo masiku 15, kuti palibe chibale, ndi kuti palibe amene ali pa ukwati wina. Wosakwana zaka 21 anayenera kuonetsa chivomerezo cha kholo lake. Pamenepo bwana anali kupereka kalata, ndipo ukwati unayenera kuchitika miyezi itatu isanathe, zitseko zili zotsegula, pamaso pa mboni ziwiri. Ofulumira anali kupempha chilolezo chapadera kwa Kazembe ku Zomba.

Anthu akuda amene anatsata njira imeneyi anali owerengeka. Chifukwa chake nchakuti ukwati wotere unali kuletsa mitala, ndipo woulakwira anali kulowa m'ndende. Ndiponso ukavuta, ankhoswe analibe mphamvu youmasula. Mlandu wake unali wa Khoti Lalikulu ku Blantyre, ulendo wautali ndi wodya ndalama kwa msodzi kapena mlimi wa mpunga. Boma ndi amishoni anakambirana za vutoli zaka zambiri. Potsiriza, lamulo la 1923 linalola kuti Akristu akuda akwatitsidwe m'tchalitchi ndi kulembedwa m'buku, koma ukwatiwo ukhalebe pansi pa mwambo wa makolo. Kuyambira 1933, pamene mafumu anapatsidwa makhoti, milandu yambiri ya maukwati inali kuweruzidwa ndi mafumu onga Malengachanzi.

Kufunika kwa kulengeza kunaoneka bwino m'nthawi ya ulendo wa ku Harare ndi ku Joni. Amuna ambiri a m'boma la Nkhotakota anapita kukagwira ntchito ku migodi ndi ku mapulazi, ndipo ena anachona. Munthu wotere akafika kumene sadziwika, anali kutha kukwatira ngati mbeta yachimuna, mkazi wake ali kulera ana yekha kumudzi. Ankhoswe anali kutali, ndipo mau awo sanali kuoloka Zambezi. Pepala lokha ndilo linali kutha kutsata munthu ndi kuchitira umboni mkazi wosiyidwayo.

M'chaka cha 2015 Nyumba ya Malamulo inafafaniza malamulo akalewo, niika lamulo limodzi la maukwati, kusudzulana ndi mabanja. Lamuloli livomereza ukwati wa pa boma, wa chinkhoswe, wa chipembedzo, ndi wa anthu amene akhalira pamodzi nthawi yaitali nadziwika ngati banja. Linanenanso kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane ndi mau amenewa.

Tsono nkhoswe, shehe, wansembe ndi bwana wa pa boma, ngakhale anadza pa nthawi zosiyana, onse afunsa mafunso amodzimodzi: awiriwa ndani, kodi ngomasuka, kodi avomera, nanga mboni zawo zili kuti? Masiku odikira aja amaoneka aatali kwa achinyamata, koma ndiwo apatsa mpata wodziwa kanthu kuti alankhule madzi asanafike m'khosi. Akulu anati safunsa anadya phula.