Umboni wa Phale

Mu mzinda wa Dresden ku Germany muli nyumba yotchedwa Zwinger, momwe amasungira mitsuko ikuluikulu yoyera, yolembedwa maluwa a buluu, yochokera ku China. Mu 1717 mfumu Augustus ya ku Saxony inapereka asilikali 600 oyenda pa akavalo kwa mfumu ya ku Prussia posinthana ndi ziwiya 151 za mtundu umenewu. Ku British Museum mu mzinda wa London kuli chikho chagalasi cha Aroma chotchedwa Lycurgus Cup, cha m'zaka za m'ma 300, chomwe chimaoneka chobiriwira kuwala kukachimenya kutsogolo, koma chofiira kuwala kukadutsa mkati mwake. Anthu amaima pamzere kuti aone zinthu zotere, ndipo n'zoyeneradi kuziona. Komabe m'nyumba zosungiramo zinthu zakale mulinso mabokosi a mapale, tizidutswa ta mbale ndi ta galasi tosaposa chikhadabo, tomwe alendo amatidutsa osacheuka. Pa mbiri ya chigawo chathu chino cha Africa, mapale amenewo ndiwo anena zambiri kuposa mtsuko wathunthu uliwonse, chifukwa mtengo wa chiwiya chakale uli pa malo amene chinapezeka ndi zinthu zimene chinagona nazo m'nthaka.

Kuti timvetse zimenezi, tiyambe taona chimene chimachititsa mbale ya ku China kukhala mboni. Mbale zimenezi, zomwe amazitcha porcelain, amaziumba ndi dothi loyera losakaniza ndi mwala woperedwa, n'kuziotcha m'ng'anjo yotentha pafupifupi madigiri 1,300, mpaka dothi limalimba ngati galasi. Nsalu imaola, mtengo umadyedwa ndi chiswe, chitsulo chimachita dzimbiri, koma phale la mbale yotere limatuluka m'nthaka patapita zaka 600 mtundu wake usanasuluke. Chachiwiri, kwa zaka mazana ambiri luso limeneli linali la ku China ndi maiko oyandikana nalo. Anthu a ku Ulaya analitulukira mochedwa, ndipo fakitale yawo yoyamba inatsegulidwa ku Meissen mu 1710. Chachitatu, amisiri a ku Jingdezhen ndi ku Longquan ankasintha maonekedwe a ziwiya m'badwo ndi m'badwo, ndipo zina ankazilemba chaka, monga mitsuko iwiri ya David Vases yolembedwa chaka cha 1351. Motero katswiri akagwira phale amatha kunena kumene linaumbidwa ndi nthawi yake. Galasi nalonso limaulula kwawo kudzera mu mchenga ndi mchere kapena phulusa zimene analipangira.

Mphamvu ya umboni umenewu inaonekera pa Great Zimbabwe. Azungu ena amene analemba za malinga a miyala amenewa, monga Theodore Bent yemwe anafukulapo mu 1891, ankati anamangidwa kalekale ndi alendo ochokera kutali, ena n'kumatchula Afoinike kapena mfumukazi ya ku Seba. Maganizowa ankakomera atsamunda, chifukwa ankasonyeza ngati eni nthaka sakanatha kumanga chinthu chotero. Mu 1905 David Randall-MacIver anafukula mosamala, napeza mapale a mbale za ku China ndi za ku Persia pamodzi ndi magalasi a kwa Aluya, zili m'dothi limodzi ndi miphika ndi zipangizo za anthu a komweko. Mapale aja anali a zaka mazana ochepa chabe m'mbuyomo, osati a m'nthawi ya Solomo. Mu 1929 Gertrude Caton-Thompson anafukulanso mpaka pansi penipeni, natsimikiza kuti omanga anali Aafirika. Akale anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa: phale lachilendo ndilo linadula mkangano wa eni mzinda, njira zamakono zoyezera zaka zisanabwere n'kudzavomereza kuti mzindawo si wa m'nthawi ya Solomo.

Mapale omwewo amationetsanso njira za malonda. Zombo zinkawoloka nyanja ya Indian Ocean potsata mphepo yomwe imaomba chakumwera miyezi ina ndi chakumpoto miyezi ina. Chombo china cha m'zaka za m'ma 800, chomwe chinapezeka mu 1998 pafupi ndi chilumba cha Belitung ku Indonesia, chinanyamula ziwiya pafupifupi 60,000, umboni woti amenewa anali malonda aakulu. Ku gombe la kum'mawa kwa Africa, Aswahili ankamatirira mbale za ku China m'makoma a nyumba, a mizikiti ndi a manda a anthu olemekezeka. Kuchokera ku Kilwa ndi ku Sofala katunduyo ankalowa kumtunda pamitu ya anthu, ndipo golide ndi minyanga ya njovu zinkatsikira kunyanja. Mapale obiriwira a ku China anapezeka ku Mapungubwe m'mbali mwa mtsinje wa Limpopo, mikanda yagalasi inapezeka m'manda a ku Ingombe Ilede ku Zambia, ndipo pa Mankhamba pafupi ndi Mtakataka, pomwe panali likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi, Yusuf Juwayeyi anafukula mapale a mbale za ku China, mikanda yagalasi yochuluka, mkuwa ndi minyanga yosema. Amaravi sanasiye mabuku a malonda awo, koma dzala la pa likulu lawo linasunga zimene ankagula ndi kugulitsa.

Ena anganene kuti kutamanda mbale zakunja n'kunyoza mbiya za kwathu, ngati kuti mbiri ya anthu imayamba tsiku limene katundu wachilendo wafika. Nkhawa imeneyi ili ndi maziko, pakuti pa malo onsewa mapale akunja ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi mapale a miphika youmbidwa ndi amayi a komweko, ndipo miphika ija ndiyo imanena zimene anthu ankaphika, mowa umene ankafulula ndi mitundu imene ankakwatirana nayo. Koma mboni ziwirizi sizitsutsana. Phale lakunja limapereka chaka, ndipo chakacho chimagwera mphika uliwonse wogona nalo limodzi. Komanso mbale ya ku China sinkafika yokha ku Mtakataka. Panali alenje opha njovu, osula mkuwa, alimi odyetsa amtengatenga ndi mafumu osunga mtendere m'njira. Amene amati ziwiyazi zinali za olemera okha akunena zoona pa za ozigwiritsa ntchito, koma thukuta logulira linali la mudzi wonse. Tisapitirirenso muyezo n'kumati Atchaina anafika okha kwa Kalonga. Mbale inkadutsa m'manja mwa amalonda ambiri, ndipo chimene imatsimikiza ndi unyolo wa anthu ogwirizana, osati ulendo wa munthu mmodzi.

Ena anganenenso kuti nyumba yosungiramo zinthu zakale iyenera kuonetsa zokongola, chifukwa palibe amene angalipire kudzaona zosweka. Kukongola kuli ndi malo ake, ndipo wopenya mtsuko wathunthu amaphunzira luso la wouumba. Koma kukonda zathunthu ndi zonyezimira zokha ndiko kunaononga mbiri yambiri. Kampani ya Rhodesia Ancient Ruins, yomwe inakhazikitsidwa mu 1895, inkakumba m'mabwinja kufuna golide n'kumataya zina zonse, ndipo Richard Hall anachotsa dothi lambiri pa Great Zimbabwe pakati pa 1902 ndi 1904 ponena kuti akuyeretsa malowo. Madzi akatayika saoleka: phale likachotsedwa pamalo pake popanda kulemba kuya kwake ndi zimene linagona nazo, limasanduka chidutswa wamba. Mtsuko wogulidwa pamsika ukhoza kukhala wa ndalama zambiri, koma sungayankhe funso lakuti ndani anaugwiritsa ntchito, liti, ndiponso kuti.

N'chifukwa chake nyumba zathu zosungiramo zinthu zakale, kaya ku Chichiri, ku Livingstone kapena ku Masvingo, siziyenera kudziona zosauka poti zilibe mitsuko yofanana ndi ya ku Dresden. Chofunika n'chakuti phale liikidwe pambali pa mphika umene linapezeka nawo, pakhale mapu a njira imene linayenda, ndi mawu ofotokoza m'chilankhulo chimene mwana wa sukulu akumva. Mitsuko ya mfumu Augustus imatiuza za kukhumba kwa munthu mmodzi. Phale la pa Mankhamba limatiuza kuti ng'anjo ya ku China ndi bwalo la Kalonga zinalumikizidwa ndi manja a anthu ambirimbiri, ndipo ena mwa manja amenewo anali a makolo athu.