Mipanda ya ku Silverest ndi Nkhalamba Zodwala

Malo amene lero akutchedwa Silverest, m'mbali mwa msewu wa Great East kum'mawa kwa Lusaka, ali m'dziko la Asoli, kwa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Kale m'midzi ya dera limeneli la Chongwe, nkhalamba ikayamba kudwaladwala sinkachotsedwa pakhomo pake. Ankaipatsa mdzukulu wogona nayo, woitungira madzi ndi kuisonkhera moto, ndipo nsima inkachokera kunyumba zoyandikana. Ambiri amati umenewu unali mtima wabwino wa makolo basi. Ine ndikuona kuti chachikulu chinali kamangidwe ka mudzi. Nyumba zinali pafupipafupi, moti agogo akapanda kutuluka dzuwa litakwera, wina ankapita kukaodira. Wodwalayo ankakhalabe mwini khomo, wolamula nkhuku zake ndi nkhokwe yake.

Mwambowu unatha pang'onopang'ono. Lusaka atakhala likulu mu 1935, achinyamata anayamba kuthamangira ntchito za m'tauni. Kuyambira m'ma 1980 Edzi inatenga ana amene akanasamala makolo, n'kusiyira agogo ana amasiye. Kenaka mzinda unafutukukira kum'mawa, minda n'kudulidwa mapuloti, puloti iliyonse ndi mpanda wake wanjerwa. Mayi wofa ziwalo mbali imodzi amene mwana wake wawatenga kumudzi amatsala m'nyumba ya matailosi oterera, geti lokhoma, eni nyumba atalawirira kuntchito, adzukulu ali kusukulu. Ngakhale woyandikana nawo nyumba sadziwa kuti mulimo munthu.

Wina anganene kuti nkhalamba ya lero ili pabwino. Chipatala cha Levy Mwanawasa chinatsegulidwa mu 2011 pamsewu womwewu, boma linachotsa zolipiritsa m'zipatala zing'onozing'ono zakumidzi mu 2006, ndipo thandizo la ndalama la Social Cash Transfer, lomwe linayambira ku Kalomo mu 2003, linafalikira dziko lonse. N'zoona, ndipo mudzi wakale unali ndi nkhanza zake: nkhalamba zoiwalaiwala zinkanenedwa ufiti. Koma mankhwala a shuga ndi BP amakatengedwa tsiku limodzi, pamene kusamba, kuvala ndi kupita kuchimbudzi n'za m'mawa uliwonse. Zimenezi ndi zomwe mudzi unkagawana pakati pa anthu ambiri. Ku Silverest zagwera munthu mmodzi, kawirikawiri mpongozi kapena mtsikana wantchito amene sanaphunzitsidwepo kutembenuza wodwala pabedi kuti asatuluke zilonda.