Mapapo a mwana amamangidwa asanabadwe

Mapapo a mwana amayamba kupangika m'sabata yachinayi ya pathupi. Chomwe chimawalimbitsa ndi puloteni yotchedwa collagen, yomwe ntchito yake ikufanana ndi ya nsichi ndi luzi pa nyumba.

Puloteniyi imapangidwa ndi maselo otchedwa fibroblast. Mitundu ina ya collagen imalimbitsa njira za mpweya, pomwe mtundu wina umapanga kachikopa kopyapyala komwe mpweya umadutsapo polowa m'magazi. Kuti thupi lipange collagen, limafuna vitamini C, yemwe amapezeka m'magwafa, malambe ndi ndiwo zamasamba.

Pofika sabata ya 24, mapapo amayamba kutulutsa timadzi totchedwa surfactant, tomwe timateteza timatumba ta mpweya kuti tisamatirire. Timadziti timakwanira cha m'ma sabata 35.

Ichi n'chifukwa chake mwana wobadwa masiku asanakwane, kutanthauza masabata 37 asanathe, amavutika kupuma. Mapapo anthetewa akavulala, collagen imachuluka mopitirira muyeso ndipo amauma ngati chipsera. Utsi wa fodya nawo umasokoneza kakulidwe ka mapapo a mwana yemwe ali m'mimba, zomwe ndi zofunika kuzidziwa m'madera olima fodya monga Mpingu, Nsaru ndi Kabudula m'boma la Lilongwe.

Vutoli ndi lalikulu m'dziko muno. Lipoti lomwe bungwe la WHO ndi mabungwe ena adatulutsa mu 2012 lidati ana 18 mwa 100 aliwonse ku Malawi amabadwa masiku asanakwane, chiwerengero chomwe panthawiyo chidali chokwera kuposa cha dziko lina lililonse.

Thandizo lilipo. Mayi yemwe matenda a kubereka amuyamba msanga, pakati pa masabata 24 ndi 34, amatha kubayidwa jakisoni wa dexamethasone yemwe amafulumizitsa kukhwima kwa mapapo a mwana. Makina othandizira kupuma a Pumani, omwe adayesedwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2012, adafalikira m'zipatala zambiri za boma. Palinso njira ya kangaroo yofungatira mwana pachifuwa.

Zonsezi zimatheka mayi akafika msanga kuchipatala. Anthu a ku Mpingu ndi madera oyandikira amadalira zipatala monga St Gabriel ku Namitete, Kabudula, Bwaila ndi Kamuzu Central. Choncho mafumu, alangizi a zaumoyo ndi akuluakulu a m'maboma ali ndi udindo wolimbikitsa amayi kuyamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira ya pathupi.